Kodi nkhungu zokhala mu mchere wambiri zimapanganso poizoni?

Wophunzira Sayansi walemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha amene mumaidziwa bwino nkhani ya nkhungu kuti mundithandize pa chinthu chimene chakhala chikundisowetsa mtendere kwa masabata angapo. Ndikuphunzira za tizamoyo tosaoneka ndi maso, ndipo pa ntchito ina ya m'kalasi tinauzidwa kuti tione mmene mchere umaletsera tizamoyoti kuswana. Tinakonza timbale ta chakudya chomeretsera tizamoyo, tina topanda mchere, tina tokhala ndi mchere wokwana 5 peresenti, tina 10 ndipo tina 20 peresenti, kenako tinatisiya tosavundikira kwa kanthawi kuti fumbi la m'chipinda ligweremo. Timbale topanda mchere tinadzaza nkhungu zobiriwira ndi zakuda masiku anayi asanathe, ta 10 peresenti tinamera pang'ono chabe, ndipo ta 20 peresenti tinali tidakali toyera pa tsiku limene tinkalemba lipoti, moti tonse tinalemba kuti mu mchere wochuluka chotero simungamere kanthu.

Kambale kamodzi ka 20 peresenti kanatsalira kumbuyo kwa shelefu. Nditakapeza patapita pafupifupi masabata atatu, pamwamba pake panali timadontho tofiirira, touma, totukuka pang'ono, tating'ono ngati mitu ya mapini, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti ndi dothi limene lagweramo. Nditayang'anitsitsa ndi galasi lokuzira zinthu ndinaona kuti kadontho kalikonse kanali ndi malire ake ozungulira bwino, ndiponso kuti pamwamba pake panali ngati ufa.

Funso langa lili pawiri. Ndikufuna kudziwa kuti ndi nkhungu yanji imene ingakhale ndi moyo pamalo amene zina zonse zalephera, koma chimene ndikuchifunitsitsa n'chakuti, kodi nkhungu yotereyi imapanganso poizoni ngati mmene zimachitira nkhungu zina zoononga mbewu? M'maganizo mwanga ndikuona ngati chamoyo chimene chikulimbana ndi mchere wambiri chonchi sichingakhale ndi mphamvu zotsala zopangira poizoni, koma ndikufuna kumva kwa amene anaifufuza nkhaniyi.

Mphunzitsi Wopuma wayankha:

Mwana wanga, mwachita bwino kusakataya kambaleko, chifukwa kakuphunzitsani zimene lipoti la kalasi yonse linaphonya. Ndiyambe ndi kukonza mawu amodzi amene ambiri tinawazolowera, akuti mchere umapha tizilombo. Ntchito yaikulu ya mchere ndi kumanga madzi, kuti ngakhale madziwo alipo, chamoyo chisathe kuwagwiritsa ntchito. Asayansi ali ndi muyezo wa madzi amene chamoyo chingathe kuwapeza, umene amautcha water activity, ndipo umayambira pa 0 kufika pa 1. Madzi opanda kanthu ali pa 1, madzi a m'nyanja zikuluzikulu, amene ali ndi mchere pafupifupi 3.5 peresenti, ali cha pa 0.98, pamene madzi amene asungunula mchere mpaka sangathenso kusungunula wina ali cha pa 0.75. Mabakiteriya ambiri oola zakudya amasiya kuswana muyezowu ukatsika kupitirira 0.91, koma pali nkhungu zina zimene zimakulabe pa 0.75 pomwepo, ndipo nkhungu yotchedwa Xeromyces bisporus, imene imakonda shuga wambiri, imafika mpaka cha pa 0.61.

Selo likakhala m'madzi amchere kwambiri, madzi a m'kati mwake amatuluka n'kupita kumene kuli mchere wochuluka, ndipo selolo limanyala. Nkhungu zopirira mchere zimathana ndi vutoli podzaza maselo awo ndi glycerol, amene ambiri timamudziwa ndi dzina lakuti gilisalini, kuti m'kati mwa selo mukhale zinthu zosungunuka zambiri zokoka madzi koma zosaononga ntchito za selolo. Pa nthawi yomweyo zimakhala zikupopera kunja sodium, mbali imodzi ya mchere, amene walowa, ndipo zina zimakhuthalitsa khungu la selo kapena kulipaka melanin, chinthu chakuda chija chimene chimapezekanso pakhungu la munthu.

N'zochititsa chidwi kuti nkhani imeneyi ndi yatsopano ndithu. Pa nthawi imene ine ndinkaphunzira, mabuku ankanena kuti m'madzi amchere wadzaoneni mumakhala tizamoyo ta gulu la archaea timene timafiiritsa madziwo, mabakiteriya ochepa, ndi ndere yotchedwa Dunaliella salina, koma za nkhungu sankatchula n'komwe. Mu 1998 ofufuza anafalitsa lipoti loyamba la nkhungu zopezeka m'madzi a Nyanja Yakufa, imene mchere wake ndi pafupifupi 34 peresenti, ndipo mwa nkhunguzo munali mtundu watsopano umene anautcha Gymnascella marismortui. Mu 2000 Nina Gunde-Cimerman ndi anzake a ku Slovenia anasonyeza kuti m'maiwe opangira mchere a ku Sečovlje, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, mumakhala yisiti wakuda wambiri, makamaka Hortaea werneckii, amene amatha kukula m'madzi opanda mchere n'komwe komanso m'madzi amene mchere watsala pang'ono kuyamba kuundana. Yisiti yemweyu ndi amene amayambitsa timawanga takuda ta m'zikhatho totchedwa tinea nigra, timene sitipweteka ndipo timakhala pamwamba penipeni pa khungu.

Pa funso la poizoni, maganizo anga akugwirizana ndi anu. Chimene chimadziwika pa nkhungu zambiri zoononga zakudya n'chakuti zimafuna madzi ochulukirapo kuti zipange poizoni kusiyana ndi amene zimafuna kuti zingokula. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Aspergillus flavus, nkhungu imene imapanga poizoni wotchedwa aflatoxin mu mbewu zochita chuku. Imatha kukula pang'onopang'ono mpaka cha pa 0.80, koma poizoni wake imamupanga kwambiri pamene muyezo uli pamwamba pa 0.95, ndipo chinyezi chikamachepa poizoniyo amachepanso, mpaka kusiyiratu nkhunguyo isanasiye kukula. Poizoni ali m'gulu la zinthu zimene nkhungu imapanga zimene sizifunika mwachindunji pa kukula kwake, ndipo n'zomveka kuti chamoyo chimene chikuthera chakudya chake chochuluka popanga glycerol ndi kupopa sodium chichepetse zinthu zoterezi. Choncho ine ndinganene kuti mchere ukamachuluka, mwayi wa poizoni umachepa, ngakhale nkhunguyo itamera.

Mayi wa mu Labotale wayankha:

Bambo Mphunzitsi, zonse zimene mwafotokoza pa nkhani ya madzi ndi glycerol ndikugwirizana nazo, ndipo lamulo limene mwatchula pa Aspergillus flavus ndi loona. Komabe mundilole ndisiyane nanu pa mfundo yomalizayo, chifukwa nkhungu imene mnzathuyu wafotokoza ikuoneka kuti ndi ya gulu limene silitsatira lamulo limenelo.

Timadontho tofiirira, touma, taufa pamwamba, tochedwa kumera, tochokera mu fumbi la m'nyumba ndiponso tomera pa mchere wa 20 peresenti, ndi maonekedwe enieni a Wallemia, makamaka Wallemia sebi ndi abale ake. Ndakhala ndikuimeretsa nkhungu imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo chimene ndinaphunzira msanga n'chakuti pa chakudya wamba cha mu labotale siioneka, chifukwa nkhungu zofulumira monga Penicillium ndi Rhizopus zimadzaza kambale konse iyo isanatulukire. Kuti tiipeze timagwiritsa ntchito chakudya chochepetsedwa madzi, monga chotchedwa DG18 chimene chili ndi glycerol wokwana 18 peresenti, kapena china chothiridwa shuga wambiri, ndipo timadikira sabata imodzi kapena awiri. Ngakhale pamenepo kadontho kake kamangokula mamilimita ochepa, kenako kamaima, n'kuyamba kutulutsa timbewu timene timagwera pambali n'kumera timadontho tina tozungulira koyambako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ma labotale ambiri amene amataya timbale pakapita masiku asanu amalemba kuti palibe nkhungu pamene ilipo yambiri.

Dzina lakuti Wallemia linayamba mu 1887, pamene katswiri wa ku Norway, Johan-Olsen, anafotokoza nkhungu imene inkachititsa timawanga tofiirira pa nsomba zouma zothiridwa mchere, ndipo anaitcha Wallemia ichthyophaga, kutanthauza yodya nsomba. Mtundu umenewu ndi wodabwitsa kuposa yonse, chifukwa sumera n'komwe popanda mchere kapena chinthu china chochepetsa madzi. Umafuna mchere wa pafupifupi 10 peresenti kuti uyambe kukula, umakula bwino pakati pa 15 ndi 20 peresenti, ndipo umapitirizabe mpaka m'madzi amene adzaziratu mchere. Maselo ake amaunjikana n'kupanga timibulu tokhala ndi makungu okhuthala kwambiri, ndipo mchere ukachuluka makunguwo amakhuthala mowirikiza pafupifupi katatu. Mu 2013 ofufuza anawerenga DNA yake yonse n'kupeza kuti ili ndi majini osakwana 5,000, amene ndi ochepa kwambiri poyerekezera ndi nkhungu zina zambiri. Wallemia sebi ndi yosiyana nayo pa mfundo yakuti imamera ngakhale popanda mchere, n'chifukwa chake imapezeka paliponse, mu fumbi la m'nyumba, mu udzu wouma wa ziweto, mu zakudya za shuga wambiri ndi mu zakudya zothiridwa mchere. Mu 2015 anapeza kuti imene tinkaitcha W. sebi kwenikweni ndi mitundu inayi yofanana maonekedwe, ndipo ina mwa iyo inapatsidwa mayina akuti W. mellicola, W. canadensis ndi W. tropicalis.

Tsopano ndifike pa poizoni. Mu 1990 ofufuza a ku Britain anapeza mu W. sebi poizoni amene anamutcha walleminol, ndipo atamuyesa anapha tinkhanu ting'onoting'ono ta m'madzi amchere totchedwa Artemia, tizamoyo ta selo limodzi, komanso maselo a nyama oweta mu labotale. Pambuyo pake kunadziwika mnzake wotchedwa walleminone, ndipo mu 2014 ofufuza a ku Canada anafotokoza wachitatu, wallimidione. Kafukufuku amene akuyankha funso la mnzathuyu mwachindunji anafalitsidwa mu 2016 ndi Sašo Jančič pamodzi ndi gulu la Gunde-Cimerman lija la ku Ljubljana, ku Slovenia. Anameretsa mitundu yosiyanasiyana ya Wallemia pa zakudya zokhala ndi mchere kapena shuga wosiyana kuchuluka, n'kuyeza zinthu zimene nkhunguzo zinatulutsa, ndipo anapeza kuti atakweza mchere kuchoka pa 5 kufika pa 15 peresenti, wallimidione, walleminol ndi walleminone anawonjezeka m'malo mochepa. Zaka zinayi izi zisanachitike, mu 2012, kafukufuku wina wa ku Slovenia komweko anali atasonyeza kale kuti W. sebi yomera pa mchere wambiri imatulutsa zinthu zamafuta zimene zimaphulitsa maselo ofiira a magazi mu labotale, ndipo mphamvu imeneyi inkakula mchere ukachuluka.

Mfundo imene ine ndimaiona kukhala yofunika apa ndi yakuti tikamati mchere wa 15 peresenti ndi malo ovuta, timakhala tikuyeza ndi moyo wa nkhungu wamba. Kwa Aspergillus flavus ndi malo amavuto, koma kwa Wallemia ndi pakhomo pake, pamene imadya ndi kukula mwamtendere popanda anzake oilanda chakudya. Lamulo limene Bambo Mphunzitsi atchula linachokera pa kufufuza nkhungu zimene zimangopirira kuuma, ndipo tinalakwitsa poganiza kuti likugwira ntchito pa nkhungu zimene zimakonda kuumako.

Ndisakuopsezeni mopitirira muyezo. Mayeso a poizoni wa Wallemia amene ndatchulawa anachitika pa tinkhanu, pa tizamoyo ndi pa maselo a m'mbale, ndipo munthu sayenera kuwatenga ngati umboni wakuti anthu akudwala chifukwa chodya poizoniyu. Kumene Wallemia yatchulidwa kawirikawiri pa thanzi la anthu ndi ku matenda a m'mapapo obwera chifukwa chopuma timbewu take, monga mmene kafukufuku wa kum'mawa kwa France anaitchulira pakati pa nkhungu zoganiziridwa kuti zimayambitsa matenda a m'mapapo mwa alimi ogwira udzu wouma wochita nkhungu.

Wophunzira Sayansi walembanso:

Zikomo kwambiri Bambo Mphunzitsi, ndiponso inu Mayi, chifukwa zimene mwafotokoza zikufanana ndendende ndi zimene zili m'kambale kanga, ngakhale timadontho ting'onoting'ono tozungulira tikuluto tilimo. Koma yankho lanu landibweretsera funso lina. Ngati pa mchere wambiri palibe nkhungu zina zolimbirana nazo chakudya, monga mwanenera, nanga poizoniyo ndi wa ntchito yanji? Ndinaphunzira kuti nkhungu zimapanga poizoni kuti zithamangitse mabakiteriya, nkhungu zinzake ndi tizilombo tozidya, choncho ndimayembekezera kuti pamene adani achepa, poizoni achepenso. Kodi n'zotheka kuti zinthu zimenezi zili ndi ntchito ina m'thupi la nkhunguyo, ndipo kupweteka zamoyo zina n'kongochitika chabe?

Woyeza Zakudya wayankha:

Funso lanu lachiwirili ndi limene ofufuza ena analitsatira, ndipo yankho lomveka bwino kwambiri linapezeka pa nkhungu ina imene ife oyeza zakudya timaiopa kuposa Wallemia. Nkhunguyo ndi Penicillium nordicum, imene imamera pa nyama zoumitsidwa ndi mchere ndi pa tchizi zosungidwa nthawi yaitali m'malo ozizira. Ndinene poyera kuti iyi si nkhungu ya mchere wadzaoneni ngati W. ichthyophaga, chifukwa imakula bwino pa mchere wocheperapo, wonga umene umakhala pamwamba pa nyama zotere, koma imapirira mchere kuposa abale ake ambiri ndipo imapezekanso mu mchere wa m'nyanja.

Poizoni wake ndi ochratoxin A, amene anatulukiridwa mu 1965 ku South Africa mu nkhungu ya Aspergillus ochraceus. Ameneyu si wongoyesedwa pa maselo a m'mbale ayi. Amaononga impso, ndipo ku Denmark anadziwika kalekale kuti ndi amene ankayambitsa matenda a impso mu nkhumba zodya mbewu zochita chuku. Bungwe la IARC, limene limaunika zinthu zoyambitsa khansa, linamuika mu 1993 m'gulu la 2B, la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa mwa anthu. Akalowa m'magazi a munthu amamatirira ku mapuloteni a m'magazimo ndipo amachedwa kutuluka, moti pamatenga pafupifupi masiku 35 kuti theka lake lichoke, ndiponso kuphika wamba sikumuthetsa.

Chimene chikukhudza funso lanu ndi kapangidwe ka poizoniyu. Molekyu iliyonse ya ochratoxin A ili ndi atomu imodzi ya klorini, ndipo klorini ndi theka la mchere umene tikukambawu, popeza mchere ndi sodium wogwirizana ndi klorini. Mu 2012 Markus Schmidt-Heydt, Rolf Geisen ndi anzawo a ku Max Rubner-Institut mumzinda wa Karlsruhe ku Germany anapereka maganizo akuti nkhunguyi ikamapanga ochratoxin A n'kumutulutsa kunja, imakhala ikutaya klorini wochuluka amene walowa m'maselo ake, ndipo zimenezi zimaithandiza kukhala bwino pa chakudya chamchere. Umboni umene unanditsimikizira kwambiri ine unachokera pa mbale wake, Penicillium verrucosum, imene kawirikawiri imapezeka pa tirigu ndi mbewu zina. Nkhungu imeneyi imatha kupanga mitundu iwiri ya poizoni, citrinin amene alibe klorini ndi ochratoxin A amene ali naye. Pa chakudya chopanda mchere wambiri imapanga kwambiri citrinin, koma mchere ukachuluka imachepetsa citrinin n'kutembenukira ku ochratoxin A. Ndi nkhungu imodzi yomweyo, koma mchere ndi umene ukusankha poizoni woti apangidwe, ndipo ukusankha wowopsa kwambiri pa awiriwo.

Gulu lomwelo linasonyezanso kuti njira imene selo limadziwira kuti kunja kwachuluka mchere, imene imatchedwa HOG ndipo ndi yomwe imalamula kuti glycerol apangidwe, imakhudzanso majini opanga ochratoxin A. Izi zikutanthauza kuti glycerol amene Bambo Mphunzitsi afotokoza ndi poizoni ngati ochratoxin A si zinthu ziwiri zolimbirana mphamvu nthawi zonse, koma nthawi zina zimadzutsidwa ndi belu limodzi.

Pali mbali ina imene imandikhudza kwambiri pa ntchito yanga, ndiyo mchere weniweniwo monga chonyamulira nkhungu. Mu 2011 ofufuza a ku Slovenia anapeza P. nordicum mu mchere wa m'nyanja umene unkagwiritsidwa ntchito pokonza nyama zouma, ndipo ananena kuti mcherewo ukhoza kukhala gwero la nkhunguyo m'nyumba zoumitsiramo nyama. Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Cornell ku America anayeza mitundu isanu ndi iwiri ya mchere wa m'nyanja wogulitsidwa m'masitolo, ndipo mu yonse anapezamo nkhungu zamoyo, makamaka za magulu a Aspergillus, Penicillium ndi Cladosporium, ngakhale kuti zinali zochepa kwambiri pa galamu iliyonse. Mchere wouma ulibe chakudya choti nkhungu ikulire, choncho timbewuto timangogona m'menemo, koma tikafika pa chakudya chonyowa chimene chisungidwe miyezi yambiri, timadzuka pamalo amene mchere womwewo wathamangitsa kale opikisana nato.

Ndinaonapo zimenezi ndi maso anga pa malo ena okonzera nyama zouma, amene sindiwatchula dzina. Eni ake ankatsuka makoma ndi mashelefu mokhulupirika, koma nkhungu yoyera yokhala ndi kubiriwira kotuwa pakati inkabwererabe pa nyama iliyonse yatsopano. Ankaipukuta ndi burashi nyama isanapite kukagulitsidwa, ndipo pamwamba pankaoneka bwino, koma titadula kachidutswa ka pansi pa khungu n'kukayeza tinapezamo ochratoxin A, chifukwa poizoniyu amalowerera m'nyama ndipo sachoka ndi burashi. Zonse zinali zitayezedwa kupatula matumba a mchere amene anali pakona ya chipinda chonyowacho, poti aliyense ankaona kuti mchere sungakhale ndi vuto. Dziko la Italy, kumene nyama zoterezi zimakonzedwa kwambiri, linaika malire a mayikulogalamu 1 (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa kilogalamu ya nyama ya nkhumba, ndipo nambala yaing'ono imeneyi ikusonyeza kuti sipafunika nkhungu yambiri kuti malirewo apitiriridwe.

Mphunzitsi Wopuma wayankhanso:

Mayi, ndi inu Bambo Woyeza Zakudya, ndavomera kuti ndinatambasula lamulo la Aspergillus flavus kufika pamene silifika, ndipo ndathokoza kuti mwandikonza pamaso pa wophunzirayu, chifukwa akanapita ndi yankho losakwanira. Komabe pa nkhani ya klorini ndikufuna kuti tisathamange. Molekyu imodzi ya ochratoxin A ili ndi maatomu a kaboni 20 ndipo imangonyamula atomu imodzi ya klorini, pamene klorini wozungulira selolo ndi wochuluka kwambiri, moti ngati imeneyi ikanakhala njira yokhayo yotayira klorini, ikanakhala yokwera mtengo zedi kwa nkhunguyo. Ine ndikuiona ngati njira yothandizira chabe, yogwira ntchito limodzi ndi mapampu a pa khungu la selo. Ndiponso walleminol ndi walleminone alibe klorini, choncho malongosoledwe amenewa sangagwire ntchito pa Wallemia.

Ndikufunanso kukumbutsa wophunzirayu kuti malo amchere si chipululu chopanda adani. M'maiwe opangira mchere mumadzaza archaea ndi mabakiteriya okonda mchere, chakudya chimakhala chochepa, ndipo tinkhanu ta Artemia tomwe tija timasefa madziwo n'kumadya tizamoyo ting'onoting'ono. Opikisana nawo ndi ochepa mitundu koma ndi ambiri chiwerengero, ndipo nkhungu yokula pang'onopang'ono ngati Wallemia, imene singathe kuwapitirira pa liwiro, ili ndi chifukwa chomveka chotetezera kamalo kake ndi mankhwala.

Mayi wa mu Labotale wayankhanso:

Mfundo ya Bambo Mphunzitsi yakuti poizoni wa Wallemia alibe klorini ndi yoona, ndipo ikusonyeza kuti nkhungu ziwirizi zafika pa chinthu chofanana kudzera m'njira zosiyana. Ndingowonjezera malangizo kwa mwini funsoli pa kambale kamene ali nako. Musakatsegule pamalo wamba ndipo musakanunkhize, chifukwa timbewu ta Wallemia ndi tating'ono kwambiri, ta mamayikulomita awiri kapena atatu okha (mayikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo timauluka mosavuta n'kulowa mpaka m'kati mwa mapapo. Kamateni ndi tepi m'mbali monse n'kukapereka kwa aphunzitsi anu, ndipo ngati muli ndi kabati yotetezera mpweya, tengani kachidutswa ka kadontho kamodzi mukaone pa maikulosikopu. Mukaona timinyolo ta timbewu tofiirira pang'ono, timene timayamba ngati kandodo kogawika panayi kenako n'kukhala tozungulira, dziwani kuti ndi Wallemia. Mukamaliza, kambaleko kaphikidwe mu autoclave, makina ophera tizamoyo ndi nthunzi yotentha, pa madigiri 121 kasanatayidwe.

Ngati aphunzitsi anu angalole kuti ntchitoyo ibwerezedwe, pemphani kuti timbale tisungidwe masabata anayi m'malo mwa sabata imodzi, ndipo pa kambale kalikonse ka mchere pakhale kanzake ka shuga kapena glycerol kokhala ndi muyezo wa madzi wofanana. Mukatero mudzatha kusiyanitsa zimene nkhungu ikuchita chifukwa cha kusowa madzi ndi zimene ikuchita chifukwa cha mchere weniweniwo, ndipo mudzatilembere pano kuti ndi timbale titi timene tinayamba kuonetsa timadontho tofiirira, ndiponso pa tsiku lachingati.